M'mawa wa pa 23 Okutobala

Werengani: Danieli 8:14; Ahebri 8:1, 2; 10:35-37

Pa 22 Okutobala 1844, okhulupirira zikwizikwi ku America anadikira kubweranso kwa Yesu, potsatira chiphunzitso cha William Miller pa masiku 2,300 a m'buku la Danieli. Ena anasiya mbewu kumunda osakolola. Tsikulo linatha Yesu osabwera, ndipo ambiri anagwa mphwayi n'kuleka.

Hiram Edson, mlimi wa ku Port Gibson m'chigawo cha New York, anachezera kulira pamodzi ndi anzake. Kutacha, anakapemphera m'nyumba yosungiramo zokolola, kenaka ananyamuka kukalimbikitsa abale ena. Akudutsa m'munda wa chimanga, anazindikira kuti kachisi wa mu ulosiwo si dziko lapansi, koma wakumwamba, kumene Khristu akutumikira monga Mkulu wa Ansembe. Mpingo wathu, umene unakhazikitsidwa mu 1863, unaphuka pa kukhumudwa kumeneko.

Taonani, abale ndi alongo: Edson anagwada yankho lisanabwere, ndipo anauyamba ulendo wokatonthoza ena iye mwini misozi isanaume. Anakayikira kamvedwe kake ka Malemba, osati kukhulupirika kwa Mulungu.

Ifenso timakhala ndi masiku otere. Fizi imasowa mayeso atayandikira; uthenga wa maliro umatipeza tili m'kalasi; timamaliza maphunziro ntchito osaoneka. Pamenepo timafuna kudzitsekera m'chipinda, Baibulo lili chitsekere. Tisatero. Tibwerere ku Malemba, tipemphere ndi anzathu, tikaone wina amene wafooka.

Funso lokambirana: Kodi ndani amene tingakamulimbikitse Sabata lisanafike?