Misika yakunja ikutseguka: kodi wageni alowera pati?

Wageni aliyense wopikula katundu ku Limbe, Lilongwe kapena Mzuzu amadziwa kuti mtengo wa sopo, mafuta ophikira ndi feteleza umayenda ndi dola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya pa maoda idasintha m'masiku ochepa chabe. Gwero la vutoli ndi lakuti dziko la Malawi limagula kunja katundu wambiri kuposa yemwe limagulitsa, ndipo gawo lalikulu la ndalama zakunja limachokera ku mbewu imodzi, fodya.

N'chifukwa chake boma likulimbikira kusaka misika ina. Mu 2021 lidakhazikitsa ndondomeko yachiwiri yolimbikitsa kugulitsa katundu kunja ya National Export Strategy II, yofika 2026. Bungwe la Malawi Investment and Trade Centre (MITC) limalumikiza amalonda a kuno ndi ogula akunja komanso kukopa anthu odzatsegula makampani, pomwe la Export Development Fund limathandiza ndi ngongole. Malawi adalowanso mu mgwirizano wa msika umodzi wa mayiko a mu Africa wa AfCFTA.

Zonsezi zimamveka ngati za mabwana a mataye. Komatu wamalonda wa mpamba wochepa ali ndi makomo awiri olowera: kuwoloka yekha chipata ndi katundu, kapena kuperekera katundu kwa kampani yotumiza kunja.

Khomo loyamba: kuwoloka chipata

Mayiko a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, omwe ali mu bungwe la COMESA, adayamba mu 2010 ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono yotchedwa Simplified Trade Regime, mwachidule STR. Cholinga chake n'chakuti mayi wonyamula matumba ochepa kupita ku Chipata asavutike ndi zipepala zofanana ndi za kampani yotumiza mathiraki. Katundu woyenerera amalowa m'dziko linalo popanda msonkho wa pa chipata, ndipo mwini wake safunika kulemba ejenti woti amuwombolere.

Kuti katundu ayenerere, pali zinthu zitatu. Choyamba, akhale wolimidwa kapena kupangidwa m'dziko lomwe akuchokeralo. Kaunjika kapena mafoni ochokera ku China salowa mu STR ngakhale atagulidwa mu Lilongwe. Chachiwiri, akhale pa mndandanda wa katundu yemwe mayiko awiriwo adagwirizana. Chachitatu, mtengo wake usapitirire malire. Muyeso wa COMESA ndi madola 2,000 a dziko la America pa ulendo umodzi, koma dziko lililonse limalengeza malire ake, choncho ndi bwino kufunsa ku ofesi ya MRA katundu asadakwezedwe.

Pa chipata wamalonda amalemba fomu yachidule ya kasitomu yonena za katunduyo ndi mtengo wake, komanso amaonetsa umboni wa komwe katunduyo wachokera. Wosadziwa kulemba mafomuwa asapereke ndalama kwa anyamata oyendayenda pabwalo. Pali desiki yothandiza amalonda ang'onoang'ono, pomwe pamakhala ofisala wotchedwa TIDO, ndipo ntchito yake ndi yomweyo. A bungwe la Cross Border Traders Association nawonso amalangiza mamembala awo.

Chipata cha Mchinji ndi Mwami chidaphweka kuyambira mu December 2022, pomwe atsogoleri a mayiko awiriwa, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, adatsegulira chipata choima kamodzi. Kale munthu ankaima mbali ya Malawi n'kukaimanso mbali ya Zambia. Pano maofisala a mayiko onse awiri amamuonera pamalo amodzi.

Pali misampha itatu yomwe imagwetsa ambiri. STR imachotsa msonkho wa pa chipata wokha, koma misonkho ina monga VAT imalipiridwabe ngati katunduyo amafuna msonkhowo m'dziko lomwe akulowa. STR siilowanso m'malo mwa ziphaso zina: zokolola zimafuna chiphaso cha Unduna wa Zamalimidwe chotsimikiza kuti zilibe matenda kapena tizilombo, ndipo mbewu zina zimafuna laisensi ya Unduna wa Zamalonda. Chimanga, mwachitsanzo, boma limaletsa kuchitulutsa kukakhala njala. Msampha wachitatu ndi wa komwe katundu akupita. Tanzania ndi Mozambique sali mu COMESA, choncho pepala logwira ntchito pa Mchinji silipatsa mwayi womwewo kwa wokagulitsa ku Mbeya kapena ku Tete.

Ena amati zonsezi n'zotayitsa nthawi, bola kudzera njira zachidule ndi njinga usiku. Koma wozemba amalipira wonyamula, amalipira wolondolera njira, ndipo akagwidwa katundu amalandidwa kapena amalipitsidwa chindapusa, mpamba wonse n'kuthera pomwepo. Amayi ndiwo amavutika kwambiri m'njira zoterezi, chifukwa wochitiridwa nkhanza kutchire alibe kokadandaula.

Khomo lachiwiri: kuperekera otumiza kunja

Venda wogula nandolo pa sikelo ku Phalombe, Mulanje kapena Machinga ali kale pa malonda akunja, ngakhale sadaonepo doko la Nacala kapena Beira. Nandolo wambiri wa kuno amathera ku India. Mu 2021 maboma a Malawi ndi India adagwirizana kuti India azigula matani 50,000 a nandolo chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Amenewa ndi matumba 1 miliyoni olemera makilogalamu 50, ndipo pafupifupi onse amatoledwa pang'onopang'ono m'misika ya kumidzi.

Nandolo yemweyo ali ndi phunziro lowawa. Mu 2017 dziko la India lidaika malire pa nandolo wolowa kumeneko, ndipo mtengo udagwa koopsa kuno. Omwe adasunga matumba podikira kuti akwere adagulitsa moluza. Mbewu yodalira wogula mmodzi siyofunika kuikapo mpamba wonse, ndipo wanzeru amayamba wapeza wogula ndi kumva mtengo wake asadakhazike sikelo.

Pa mtedza nkhani ndi chuku. Mtedza wosauma bwino, wosungidwa pachinyontho kapena wowazidwa madzi kuti usavute kuswa umachita chuku chomwe chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Mayiko a mu European Union salola mtedza wodya anthu wokhala ndi poizoniyu wopitirira magawo 4 pa magawo 1 biliyoni. Muyesowu ndi wochepa zedi moti mtedza wowola wodzaza dzanja ukhoza kukanitsa matumba ambiri akayezedwa. Kampani ikabwezeredwa katundu, chaka chotsatira imatsitsa mtengo kapena kusiya kugula m'dera lomwe katunduyo adachokera.

Choncho venda wothira mchenga mu soya, kapena wowaza madzi kuti thumba lilemere, amapha msika womwe amadyerapo. Wofuna mtengo wabwino agule mbewu youma, aipete, achotse zowola ndi zofumbwa, asasakanize mitundu monga CG7 ndi Chalimbana, ndipo matumba asanje pa mapaleti, osati pansi. Wopanga zinthu monga uchi, chiponde kapena tsabola wa m'mabotolo ayambe wapeza chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, poti wogula wakunja amafunsa chimenecho asadafunse mtengo.

Kuchuluka kwa katundu nakonso kumasintha mtengo. Kampani yofuna kudzaza kontena siikambirana ndi munthu wa matumba asanu. Mutu umodzi susenza denga: amalonda khumi akaphatikiza katundu wa giredi imodzi, amalipira galimoto imodzi ndipo amatha kunenerera mtengo. Gulu lolembetsedwa ngati kopaletivi limapezanso mosavuta mwayi wa ku MITC ndi wa ngongole.

Kuwerengera kusadache

Mtengo wa ku Chipata kapena Lusaka ukhoza kuoneka wokoma ukasinthidwa m'makwacha a kuno, koma phindu limadziwika pokhapokha zonse zitachotsedwa: thiransipoti yopita ndi yobwerera, onyamula, ziphaso, misonkho, malo ogona, chiphaso cha mumsika ndi zomwe zimatayika posintha ndalama. Ulendo woyamba ndi bwino kunyamula katundu wochepa, kusunga malisiti onse ndi kulemba manambala a ogula. Akayenda bwino, ulendo wachiwiri umakhala wa oda, ndipo katundu wonyamuka ali ndi mwini kale sagonera pamsika.