KODI MANAMBALA AKHOZA KUNAMIZA?

Anzanga, m'kalasi timaphunzira kuti samu iri ndi yankho limodzi lokha. Cifukwa ca ici, ambiri a ife tikamva nambala pa wailesi, kapena kuiona m'nyuzipepala, timangobvomera. Munthu akati, "Caka cino cakudya ncambiri," timamtsutsa; koma akachula ciwerengero ca matani timakhala duu, ngati walankhula ndi mfumu. Ine ndifuna kukuonetsani kuti nambala ikhoza kusokeretsa anthu, ngakhale pamene woiwerengayo sanalakwe samu.

Tiyambe ndi avereji. Nayi samu yongoyerekeza. Tiyese kuti pa esiteti ina pali anthu 9 othyola tiyi, ndipo ali yense alandira K50,000 pa mwezi, pamene mkulu wao alandira K950,000. Tikaphatikiza ndarama zonse tipeza K1,400,000, ndipo tikagawa ndi 10 tipeza K140,000. Tsono wina akhoza kulemba kuti anchito a pamenepo alandira avereji ya K140,000. Samu yace njokhoza ndithu. Koma mwa anthu 10 aja palibe ndi mmodzi yemwe amene alandira ndarama zotere, ndipo 9 a iwo safika ngakhale pa theka lace.

Cimodzimodzi ndi nkhani ya malo kwathu kuno. Pa kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Thyolo munali anthu oposa 720,000. Kukula kwa bomali ndi mahekitala ngati 170,000. Tikagawa, munthu ali yense apata pafupifupi kota ya hekitala, ndiye kuti banja la anthu 4 likadakhala ndi hekitala yathunthu. Koma m'mahekitala aja muli minda ya tiyi ya maesiteti, phiri la Thyolo, miseu, mitsinje ndi manda. Mlendo wongoona pepala adzati malo alipo ndithu. Ife a ku Goliati tidziwa kuti mabanja ambiri alibe munda wofika pamenepo.

Mwina mudzati izi nzamasewera a m'kalasi. Iai, nambala yolakwa inathandizapo kupha anthu m'dziko lathu lino. M'caka ca 2001 mvula inacuruka, madzi anasefukira, ndipo cimanga cinatsika kucokera pa matani pafupifupi 2.5 miliyoni a caka ca 2000 kufika pa matani 1.7 miliyoni. Koma ziwerengero za Boma zinaonetsa kuti cinangwa ndi mbatata zacita bwino kwambiri, kotero kuti akuluakulu ndi maiko otithandiza anaganiza kuti anthu adzadya zimenezo. Pambuyo pace kunadziwika kuti ziwerengero za cinangwazo zinali zokuza. Ndiponso cinangwa caciwisi coposa theka la kulemera kwace ndi madzi, ndipo cambiri cimalimidwa m'mbali mwa nyanja, monga ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota, kutali ndi midzi yambiri imene munalowa njala. Cimanga ca m'nkhokwe za dziko cinali citagulitsidwa kale. Thandizo linacedwa. Pofika mu February 2002, pamene Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko liri pa ngozi, anthu analikudya gaga ndi mizu ya nthochi, ndipo mazanamazana anafa. Cakudya cinalipo pa pepala, koma m'mbale munalibe.

Nkhani yina ndi ya cimanga ca 2007. Kuyambira mu 2005 Boma la Pulezidenti Bingu wa Mutharika, mwana wa kuno ku Thyolo, linayamba kugawa makuponi a feteleza wotsika mtengo. Mvula inagwanso bwino, ndipo zokolola zinaonjezeka. Ici palibe angakane. Koma zinaonjezeka motani? Unduna wa Malimidwe unati cimanga ca 2007 cinapitirira matani 3 miliyoni. Ofesi ya ziwerengero ya ku Zomba, National Statistical Office, itacita kalembera wa ulimi wa nyengo yomweyo, inapeza matani ngati 2.1 miliyoni. Undunawo unawerenga mabanja olima oposa 3 miliyoni, pamene a ku Zomba anapeza pafupifupi 2.5 miliyoni.

Nanga maofesi awiri a Boma limodzi anasiyana bwanji cotere? Coyamba, njira zao zinali zosiyana. Unduna umadalira malipoti a alangizi a m'midzi, amene ali ndi minda yambiri yoti ayendere. A kalembera anasankha midzi ndi mabanja, nayesa minda yao. Caciwiri, makuponi ankagawidwa potsata kucuruka kwa mabanja, ndiye dera lolembetsa maina ambiri linkalandira ambiri. Cacitatu, munthu amene wapatsidwa nchito yoculukitsa cimanga sakondwa kulemba kuti cimanga cacepa. Pokhulupirira kuti cimanga catsala cambiri, dziko lathu linagulitsa cina ku Zimbabwe mu 2007, ndipo miyezi ya njala itafika mtengo wace unakwera kwambiri m'misika mwathu.

Kodi tsono tileke kukhulupirira manambala? Iai ndithu. Popanda kuwerenga, Boma silingadziwe kocuruka kwa masukulu, mankhwala ndi cimanga cofunika. Onaninso kuti cimene cinaulula nambala yokaikitsa ya 2007 ndi nambala inzace yowerengedwa mosamala. Mankhwala a kuwerenga koipa ndiko kuwerenga kwabwino.

Cotero ine ndikupemphani kuti mukakumana ndi nambala muziifunsa mafunso awa:

1. Anawerenga ndani, ndipo apindulanji nambalayo ikakula kapena ikacepa?
2. Anawerenga motani? Anayesa pa sikelo, kapena anangoyerekeza ndi maso?
3. Ngati ndi avereji, kodi anthu ambiri ali pafupi nayo, kapena yakokedwa ndi mmodzi wolemera?
4. Aphatikizamo ciani, ndipo asiya ciani?
5. Kodi pali wina amene anawerenga payekha, napeza zofanana?

Makolo athu anati, "Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere." Nambala yokoma nayo ifunika kuing'amba tisanaimeze. Ena a ife mawa tidzakhala alangizi, makalaliki a pa esiteti, aphunzitsi kapena akuluakulu a Boma, ndipo cholembera cidzakhala m'manja mwathu. Tsiku limenelo tidzalembe cimene tapeza, ngakhale cisakondweretse bwana, pakuti kuseri kwa nambala iri yonse kuli anthu amene adzadya kapena kugona ndi njala.