NATO ndi Zida Zodziyendetsa Zokha: Mafunso ndi Mayankho

Kodi n'chifukwa chiyani NATO ikulimbikira zida zodziyendetsa zokha?

NATO ndi mgwirizano wa zachitetezo umene unakhazikitsidwa mu 1949, ndipo lero uli ndi mayiko 32. Chimene chinawatsegula maso akuluakulu ake ndi nkhondo ya ku Ukraine. Dziko limeneli silili mu NATO ndipo linalibe sitima zikuluzikulu zankhondo, komabe linamiza ndi kuwononga sitima za Russia pa nyanja ya Black Sea pogwiritsa ntchito timaboti topanda munthu, todzaza mabomba. Kuyambira pamenepo palibe mkulu wa asilikali amene amapeputsa kachida kotsika mtengo.

Nanga nzeru zatsopanozi zikuchokera kuti?

Zambiri zikuchokera ku makampani ang'onoang'ono ndi ku mayunivesite. Mu 2021 atsogoleri a NATO anagwirizana zokhazikitsa bungwe la DIANA, lomwe lili ndi maofesi ku London, Tallinn ndi Halifax. Bungweli limalengeza vuto, makampani n'kupikisana, ndipo opambana amalandira ndalama ndi malo oyeserapo zida zawo. Palinso thumba la NATO Innovation Fund, momwe mayiko 24 anasonkha mayuro 1 biliyoni. Chaka ndi chaka, mu Seputembala, asilikali ndi akatswiri amakumana ku Tróia ndi ku Sesimbra, m'dziko la Portugal, pa zoyeserera za REPMUS. Kumeneko amaona ngati droni ya dziko lina ingamvane ndi boti la dziko lina, pakuti chida chosamvana ndi zinzake n'chopanda ntchito mu mgwirizano.

Kodi pali pamene zidazi zikugwira kale ntchito?

Inde, pa nyanja ya Baltic. Pansi pa nyanjayi padutsa nthambo za magetsi ndi za intaneti, komanso mapaipi a gasi. Pa Khirisimasi ya 2024 nthambo ya magetsi ya Estlink 2, yolumikiza Finland ndi Estonia, inaduka, ndipo boma la Finland linagwira sitima yonyamula mafuta yotchedwa Eagle S poiganizira kuti inakhwekhwereza nangula. Amene akukumbukira mmene intaneti inavutira ku Malawi mu Meyi 2024, nthambo za EASSy ndi Seacom zitaduka m'nyanja ya Indian Ocean, akudziwa kupweteka kwake. Pa 14 Januwale 2025 mlembi wamkulu wa NATO, Mark Rutte, analengeza ku Helsinki ntchito yolondera yotchedwa Baltic Sentry, ndipo maboti opanda munthu ali m'gulu la alondawo.

Ine ndikuona kuti apa m'pamene makina akuyeneradi. Sitima zodutsa pa Baltic n'zambirimbiri, ndipo diso la munthu limatopa. Kompyuta imatha kuzindikira sitima imene yachepetsa liwiro pamwamba pa nthambo, kapena yazimitsa chida chosonyeza pamene ili, n'kuchenjeza anthu. Mlonda wosaodzera ndi wabwino, malinga ngati ntchito yake ikuthera pa kuona ndi kukuwa.

Ndiye vuto lili pati?

Lili pa liwiro. Mu Malichi 2025 NATO inagula pulogalamu ya Maven Smart System ku kampani ya ku America ya Palantir. Pulogalamuyi imasonkhanitsa zithunzi ndi malipoti ochokera kosiyanasiyana, n'kuthandiza akuluakulu a asilikali kupanga mapulani ndi kuzindikira malo oti awombere. A NATO amati woganiza komaliza ndi munthu. Koma taganizirani msilikali amene sanagone, kompyuta ikumuyalira malo oti awombere motsatizana, aliwonse akufuna yankho msangamsanga. Kodi akuweruzadi, kapena akungovomera? Galimoto ya zigawenga ndi galimoto yonyamula odwala zimatha kuoneka zofanana kuchokera kumwamba. Ndipo adani aŵiri akamathamangitsana kuti wina asayambe kuwombera, nthawi yofunsa kuti "tatsimikiza?" ndiyo imayamba kudulidwa. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kuposa maloboti a m'mafilimu.

Kodi NATO ili ndi malamulo pa zimenezi?

Ili ndi mfundo zisanu ndi imodzi, zimene nduna za zachitetezo zinavomereza mu Okutobala 2021, ndipo ndondomeko yonse ya NATO pa nzeru zamakompyuta (AI) inakonzedwanso mu Julaye 2024. Mwa zina, mfundozi zimati chida cha AI chizitsata malamulo a nkhondo, pakhale munthu woyankha mlandu zikalakwika, ndiponso chizitheka kuzimitsidwa chikayamba kuchita zosayembekezereka. Ndi mfundo zabwino ndithu. Chofooka chake n'chakuti ndi lonjezo chabe, lopanda khoti lolanga woliphwanya, ndipo zida zambiri zimagulidwa ndi dziko lililonse palokha.

Nanga pangano la mayiko onse lilipo?

Ayi, palibe. Mu Okutobala 2023 António Guterres wa United Nations ndi Mirjana Spoljaric wa International Committee of the Red Cross anapempha kuti pofika 2026 pakhale pangano loletsa makina kusankha okha munthu woti aphedwe. Mu Disembala chaka chomwecho mayiko 152 anavomereza chigamulo choyamba cha msonkhano waukulu wa United Nations pa nkhaniyi. Koma zokambirana za nkhaniyi, zimene zimachitikira ku Geneva, zimafuna kuti mayiko onse agwirizane, choncho dziko limodzi lokha likakana, ntchito yonse imaima.