Kwa inu amene mwayamba kugwira bulashi

Ana anga, amene adzawerenge chikwangwani chanu sadzakhala pampando. Adzakhala pa njinga, m'bwato pa Zambezi, kapena atasenza mtolo dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Sadzaima kuti amasulire michira imene mwakoletsa pa zilembo. Musanatsegule chitini cha penti, menyani mizere ndi chingwe chopaka choko, lembani mawu onse ndi choko chomwecho, kenaka bwererani m'mbuyo mapazi makumi atatu. Ngati simukutha kuwerenga muli pamenepo, fufutani.

Dzina loti KAVALAMANJA ndi mphunzitsi wokwanira. Lili ndi zilembo 11, ndipo zisanu mwa izo ndi A. Mukasiya mpata wofanana pakati pa zonse poyeza ndi lula, A ndi V adzatalikirana, L ndi A adzasiya dzenje, dzinalo lidzaoneka ngati mano a nkhalamba. V alowe pang'ono pakati pa ma A awiriwo. Mpata umayezedwa ndi diso, ndipo diso limaphunzira mochedwa kuposa dzanja. Edward Johnston, amene anakonza zilembo za sitima zapansi panthaka ku London mu 1916, anali katswiri wolemba ndi dzanja, komabe anasankha zilembo zopanda zokometsera, ndipo zikwangwani za kumeneko zikutsatabe kalembedwe kake.

Za penti ndinene mwachidule. Dzuwa la m'chigwa muno limadya penti wofiira msanga. Wakuda pa woyera kapena pa wachikasu amapirira. Khoma likhale louma ndi lopalidwa bwino, ndipo musasungunule penti mopitirira kuti akukwanireni.

Chimene chimandilemera mumtima ndi maina. Pa 6 Malichi 1978 asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA ku Kavalamanja, ndipo asilikali a Zambia ndi anthu wamba anafa nawo. Chaka ndi chaka mwezi wa Malichi anthu amasonkhana kukumbukira za Kavalamanja. Tsiku lina adzakuitanani kulemba nsalu ya mwambowo, kapena dzina pa manda a munthu. Musalembe dzina momwe mwalimvera pamsika. Pitani kwa eni ake, mukhale pansi, akutchulireni, mulembe papepala, iwo aliwone ndi kuvomereza. Maina a Chikunda ndi Chinsenga ali ndi katchulidwe kawo. Musawawongole kuti amveke ngati a ku Lusaka. Chilembo chimodzi chikasowa pa golosale anthu amaseka n'kupita, koma pa manda mbumba yonse imapwetekedwa nthawi iliyonse ikabwera kudzalambula.

Makina osindikiza zikwangwani afika, ndipo sindikukuletsani kuphunzira kompyuta. Koma bwato la msodzi, khoma la sukulu ndi mtanda wa pamanda zikufunabe dzanja. Tengani nyuzipepala zakale, muzilembapo zilembo tsiku lililonse musanakhudze khoma la munthu.