Tabuleti ikafika ku Nsanje, mafunso ake sayankha munthu mmodzi



Lero tikambeko za kafukufuku, makamaka inu amene chaka chomaliza ku koleji chakuyandikirani ndipo mukusaka mutu wa project. Ine ndimakhulupirira kuti mitu yabwino ili kwathu konkuno ku Chikwawa ndi Nsanje, kungoti siyilola kuyankhidwa ndi phunziro limodzi.

Titenge nkhani ya matabuleti. Kuyambira 2023 boma likuyendetsa pulogalamu ya BEFIT, yomwe cholinga chake ndi chakuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma aziphunzira kuwerenga ndi masamu pa tabuleti. Matabuletiwa amatchajidwa ndi sola ndipo safuna intaneti. Maganizowa ali ndi poyambira. Mu 2015 Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham adatulutsa zotsatira za kafukufuku wake pa sukulu ina ku Lilongwe, zoonetsa kuti ana ogwiritsa ntchito mapulogalamu a onebillion adakwera masamu kuposa anzawo ophunzira mwa masiku onse.

Zosangalatsa ndithu. Koma ku Lilongwe si ku Makhanga.

Wa IT akabwera kuno adzafunsa za batire, ndipo akulondola. Okutobala wa ku Ngabu kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo batire silikhalitsa pamoto wotere. Za magetsi a ESCOM ndiye tisayambe: mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula damu la Kapichira konkuno ku Chikwawa, dziko lonse n'kutaya pafupifupi ma megawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Apa sola yatithandiza.

Koma sola siletsa madzi. Mu 2015 mtsinje wa Ruo udasiya njira yake n'kudutsa m'midzi, Makhanga n'kusanduka ngati chilumba. Mu 2019 kudabwera Idai, mu Malichi 2023 Freddy. Nthawi zonsezi makalasi ambiri adasanduka misasa ya anthu othawa madzi, pomwe panali madesiki n'kukhala mphasa ndi mapoto. Mwana amene kalasi yake mukugona mabanja khumi saphunzira, kaya tabuleti ilipo kaya palibe. Ndiye funso loti kabati ya matabuleti iikidwe mu chipinda chiti, pamwamba bwanji, siyankha wa kompyuta. Likufuna wodziwa mapu ndi kayendedwe ka madzi, ngati achinyamata amene akuphunzira za ma drone ku African Drone and Data Academy, yomwe idatsegulidwa mu 2020. Likufunanso agogo a m'mudzimo amene akukumbukira pomwe madzi adalekezera pa mtengo wa mango.

Nkhani imene imandivutitsa mutu kwambiri ndi ya chiyankhulo. Tabuleti imayankhula Chichewa ndi Chingerezi. Mwana wa ku Nsanje kunyumba amayankhula Chisena. Ena amati n'zofanana, bola kumvana. Ayi ndithu. Msena akati "takhuta" akuthokoza, pomwe mnzathu wa ku Dedza aganiza kuti nsima yamukwana. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, mahedifoni m'makutu, akumva malangizo m'chiyankhulo chomwe amayi ake sagwiritsa ntchito: akalakwitsa samu, walephera samuyo kapena sanamve funso? Makina adzangolemba kuti walakwa. Wopeza chifukwa chake ndi amene waphunzira za ziyankhulo, atakhala pansi m'kalasimo ndi mphunzitsi.

Malungo ndi njala mukuzidziwa, sindichulutsa. Wa zaumoyo ali ndi mbali yake.

Nanga zonsezi zikukhudzana bwanji ndi chuma? Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, cholinga chake n'kuthirira mahekitala opitirira 43,000. Alimi akuyenera kuphatikiza minda yawo m'makopaletivi, monga achitira a ku Phata amene amagulitsa nzimbe ku Illovo ku Nchalo. Kopaletivi imayenda ndi makontrakiti, ngongole ndi magawo. Mwana amene ali Sitandade 2 lero ndi amene adzawerenge mapepala amenewo m'malo mwa banja lake. Akapanda kudziwa kuwerenga ndi kuwerengera, munda udzakhala wake koma masamu ake adzachita ndi wina.

Ife odutsa ku madrasa kusakaniza maphunziro sikwachilendo. Kugawa chuma cha masiye kumafuna malamulo ndi masamu pamodzi, ndipo buku la algebra la al-Khwarizmi, lolembedwa ku Baghdad zaka zoposa 1,100 zapitazo, mbali yake yaikulu ikukamba za nkhani yomweyi.

Tsono pa holide ikubwerayi, in shaa Allah, pezani mnzanu wa kosi yosiyana ndi yanu, wa Education atengane ndi wa Geography kapena wa Public Health. Pitani pa sukulu imodzi yokha yakwanu, mupemphe chilolezo kwa a hedi, ndipo musalembe dzina la mwana aliyense. Muyambe ndi funso laling'ono loti mungathe kuliwerenga: m'temu yachiwiri ya chaka chatha, ana a Sitandade 2 adalowa m'kalasi masiku angati, ndipo masiku otayikawo adadyedwa ndi chiyani?