Malangizo kwa Oimba Gitala: Monita Si Yongokweza

Inu oimba gitala m'matchalitchi ndi m'mabandi, lero tikambirane za sipikala yapansi ija yokhala ndi ampulifaya yakeyake, imene mumati monita. Mukamalephera kudzimva, musathamangire kukweza voliyumu; yambani mwaona pamene mwaiika. Maikolofoni ambiri oimbira, monga Shure SM58, sagwira kwenikweni mawu ochokera kumbuyo kwawo. Choncho monita ikhale kumbuyo kwa maikolofoni, itapenya kumaso kwanu. Mukaiika chammbali, mawu ake amabwereranso m'maikolofoni, n'kuyamba kulira kobaya m'makutu kuja. Gitala yabowo nayo imalira ikayang'anizana ndi monita, ndiye tsekani bowolo ndi chotsekera cha labala.

Ena amati ng'oma zikamasokosa palibe kuchitira mwina koma kukweza basi. Komatu mukakweza, wa kiyibodi akwezanso, mapeto ake nonse simumvana ndipo makutu amawonongeka. Pemphani wa pamikisa achepetse zida zina mu monita yanu, gitala imveka yokha bwinobwino. Monita ikamang'ung'udza, sinthani chingwe, kapena dinani batani la ground lift pa DI box. Koma chonde, musadule waya wa earth papulagi, chifukwa ndi umene umakutetezani kuti magetsi asakugwireni.