Yankho kwa Mayi a kwa Mfumu Mnkhanya

Mayi athu a kwa Mfumu Mnkhanya ku Mfuwe, kalata yanu tailandira ndi manja awiri, ndipo tamva chisoni chimene chakugwerani pakuona kuti mwana wanu anabadwa ndi mapazi opindika, pamene anansi akunong'onezana kuti limeneli ndi tsoka lochokera kwa anthu oipa. Ife tikuti, limbani mtima, pakuti mwanayo sanalodzedwe, ndipo inu simunachimwe. Ili ndi vuto limene madokotala amaliwongola ndi pulasitala, makamaka mwana akafika nalo m'manja mwao akali wakhanda.

Tsono musazengereze. Yambani mwapita naye ku chipatala cha Kamoto, kumene akamuyeza angakulembereni kalata yopita ku Chipata, kapena ku chipatala cha Beit CURE mu Lusaka, chimene chimachita maopaleshoni a ana otere popanda malipiro. Mukabwerako, kaonekereni ku ofesi ya Social Welfare m'boma la Mambwe kuti mufunse za thandizo la ndalama limene limaperekedwa kwa mabanja osowa, ndipo mukamulembetse kwa a ZAPD, bungwe loona za anthu olumala, popeza lamulo la m'chaka cha 2012 limateteza ufulu wa anthu olumala, wa kuphunzira ndi wa kulandira chithandizo.

Ndipo inu abambo, malume ndi a mpingo, mutu umodzi susenza denga: sonkhani ndalama ya ulendo, ndipo mwanayo musamubise m'nyumba.